Phazi la Apongozi Anga

Ndinakwatiwa ku Magodi ndili mtsikana. Bambo anga anali mphunzitsi wochokela ku Chipata amene anatumizidwa kudzagwila nchito ku Lundazi, ndiye kwathu tinali kulankhula Chinyanja. Chitumbuka ndinachiphunzilila pa chitsime ndi pa mtondo, akazi anzanga akuseka lilime langa. Koma chimene ndinaphunzila msanga kuposa chinenelo ndi malo a mkamwana pa mudzi wa mwamuna wake. Mkamwana sakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna. Akakumana nawo panjila amapatuka, amagwada, amapeleka moni maso ali pansi. Akakhala ndi mawu amauza apongozi aakazi, iwo ndiwo amakafikitsa.

Apongozi anga aamuna sanali munthu woopsa. Anali mlimi wa fodya ndi nshawa, woweta ng'ombe, mkulu wa mpingo, ndiponso munthu wa nthabwala. Ndikakhala kukhitchini ndinali kumva amuna akufa ndi phwete pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinali kudziwa kuti adada, monga tinali kuwatchulila apongoziwo, ayamba nkhani zawo. Ine nthabwalazo ndinali kuzimvela patali. Ana anga anayi anabadwa, woyamba anafika ku sekondale, ine ndisanakhalepo pa mphasa imodzi ndi agogo awo. Sindinali kudandaula. Ndi ulemu, ndipo iwonso anali kundilemekeza mwa njila yomweyo.

Nchito ya zaumoyo ndinailowa chifukwa ndinafika giledi naini ndipo ndinali kulemba zooneka. Pa msonkhano wa mudzi anthu anandisankha, ndipo kwa zaka zingapo ndinali kuyeza ana pa sikelo, kupima malungo ndi kugawa maneti a udzudzu. Tsiku lina anesi a pa kiliniki yathu anatiitana ife anayi othandiza za umoyo m'midzi. Anesiwo anali mayi wachinyamata wochokela ku Lusaka, wamfupi, wolankhula mofulumila. Anati kwabwela nchito yatsopano ya matenda a shuga. Anatipatsa aliyense kamakina koyezela, timapepala take ndi tosongoka tobayila chala. Anationetsanso foni yaikulu yonga sileti, n'kunena kuti kawili pa mwezi, tsiku Lachitatu, tidzakhala tikukumana ndi dokotala wa pa chipatala chachikulu ku Lusaka kudzela m'menemo.

Netiweki pa kiliniki yathu imapezeka pa windo limodzi lokha, la chipinda chosungila mankhwala. Ndiye foniyo tinali kuiimika pa windopo, kumbuyo kwake titatchingila ndi bokosi, ife n'kukhala pa benchi mothinana. Pa galasi panali kuoneka timabokosi tambili, kalikonse kali ndi anthu ake: a ku Mwase Lundazi, a ku makiliniki ena a m'boma lathu, ndi adokotala pakati. Anali mayi wa imvi pang'ono, wovala magalasi. Anali kuyamba ndi phunzilo lalifupi, kenako kiliniki imodzi inali kufotokoza za wodwala mmodzi popanda kutchula dzina lake, ndipo tonse tinali kukambilana zoyenela kuchita.

Miyezi itatu yoyamba sindinatsegule pakamwa. Chizungu changa n'cha m'kalasi, ndipo ndinali kuona kuti nkhani za adokotala si zanga. Lachitatu lina adokotala anali kuphunzitsa za chakudya. Anaima pakati pa phunzilo, n'kuyandikitsa nkhope pa galasi.

"Amai mwavala chitenge chobiliwila kumapeto kwa benchi, ku Magodi uko," anatelo m'Chinyanja cha ku Lusaka. "Ndiuzeni, nthawi ya mango munthu wa kwanuko amadya angati pa tsiku?"

Anzanga anandigunda ndi chigongono. Ndinayankha kuti sitiwelenga, munthu amangokhala pansi pa mtengo ndi beseni mpaka litatha. Anthu m'timabokosi tonse anaseka. Adokotala anafunsanso za mwezi wa njala, za thobwa, za anthu opita kumunda osadya. Ndinayankha zonse, ndipo ndinaona akuwelama n'kulemba. Dokotala wa ku Lusaka anali kulemba mawu anga. Tsiku limenelo ndinapalasa njinga kubwelela kunyumba osamva n'komwe chitunda cha pa dambo.

Zimene tinali kuphunzila ndi zimene zinanditsegula maso pa apongozi anga. Ndinaona kuti thalauzi lawo layamba kumangidwa ndi chingwe. Ndinaona kuti chigubu cha madzi chimene anali kupita nacho kobusa chinali kubwela chopanda kanthu dzuwa lisanafike pamutu. Ndinafunsa apongozi aakazi tikusenda nshawa. Amamawo ndi munthu wosabisa mawu. Anati, "Mwana wanga, adada ako sakhalitsa pa mpando. Kanthawi pang'ono apita kuseli kwa khola. Ndipo pamene ataya madzi, nyelele zimadzaza."

Ndinapempha anesi kuti tsiku loyeza anthu lichitikile pa mudzi wathu, ndipo ndinapempha kuti amuna akuluakulu awayeze iwo. Adada anakhala pa mzele akuseka kuti magazi a mlimi wa fodya ndi owawa, shuga sangakhalemo. Makina anaonetsa nambala yokwela kwambili. Atayezedwanso ku kiliniki m'mawa asanadye, zinali chimodzimodzi. Anawapatsa mapilitsi. Anayamba kumwa mokhulupilika, ludzu linachepa, thupi linayamba kubwelela.

Vuto linabwela titakolola. M'mawa wina adada anamanga thumba la nshawa pa njinga n'kupita ku Msika wa Lundazi. Ndi ulendo wautali. Madzulo anabwela nawo pa galimoto ya munthu wa ku mudzi woyandikana nafe, njinga ili pamwamba, malaya ali fumbi lokhalokha. Amene anaona anati atafika pa msika anayamba kutuluka thukuta, manja akunjenjemela. Anayamba kulankhula zosamveka, anakalipila mayi wogulitsa tomato popanda chifukwa, kenako anadzandila n'kugwela pa matumba a makala. Anthu anaunjikana akuseka. Wina anati, "Mdala uyu wayamba kachasu m'mawa uno." Mayi wa tomato yemweyo ndiye anawamvela chisoni n'kuwamwetsa thobwa, ndipo posakhalitsa anadzuka ali bwinobwino, osakumbuka chimene chachitika.

Pa msikapo panali anthu a mpingo wathu. Lamulungu lisanafike, nkhani inali itafika mudzi uliwonse kuti mkulu wa mpingo analedzela ku boma. Palibe amene anawaitana kuti awafunse. Anthu anangoyamba kulankhula motsitsa mawu iwo akamadutsa. Adada sanamwepo mowa chiyambile ubatizo wawo, ndipo chinthu ichi chinawalasa mumtima. Analeka kupita ku tchalitchi. Pansi pa mtengo wa mango panakhala zii. Patapita masabata angapo amama anandiuza monong'ona kuti mapilitsi aja adada anawaponya m'chimbudzi, akuti ndi amene anawapenga, ndipo analumbila kuti ku kiliniki sadzapondako.

Ine ndinali ndi chikaiko changa. Ndinafunsa amama kuti tsiku la msika lija adada anadya chiyani asananyamuke.

"Sanadye. Anati akadya ku boma akagulitsa."

"Nanga pilitsi?"

"Limenelo anamwa. Ndinawapatsa ndine madzi."

Ndinafunsanso ngati zinachitikapo kale. Amama anaganiza, n'kukumbuka kuti kawili konse adada anabwela kuchokela ku chigafa cha fodya akunjenjemela ndiponso ali aukali, koma atadya mbatata anakhala bwino. Zonsezi ndinazilemba m'kope langa. Ndinapita kwa anesi n'kuwauza kuti Lachitatu likubwelalo ndikufuna kufotokoza wodwala ine ndemwe. Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Chabwino. Konzekani."

Tsikulo ndinaimilila kutsogolo kwa windo kope lili m'manja. Ndinati wodwala wanga ndi mwamuna wachikulile, mlimi. Ndinafotokoza za mapilitsi, za ulendo wa pa njinga, za kugwa pa msika, za thobwa. Nditamaliza, bambo wina wa pa kiliniki ina, wophunzila kuposa ine, anati tisaiwale kuti madala ambili amamwa mobisa ndipo achibale sadziwa. Anati mwina anthu a pa msika sananame.

Ndinati, "Pepani, bambo. Munthu woledzela mukam'patsa thobwa sadzuka nthawi yomweyo ali bwino. Uyu anadzuka. Ndipo zachitika katatu, nthawi zonse atamwa pilitsi n'kukagwila nchito osadya. Ine ndikuona kuti shuga anatsika kwambili."

Adokotala anandifunsa dzina la mapilitsi, ndipo anesi anayankha. Anafunsa ngati wodwalayo amaona bwino, ngati miyendo imatupa. Kenako anavula magalasi.

"Amai a ku Magodi anena zoona," anatelo. "Mankhwala amenewo amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Kwa mlimi wopita kumunda m'mimba muli mopanda kanthu, ndi oopsa. Nonse mwamva mmene amaiwa afunsila mafunso? Sanayambe ndi makina. Anayamba ndi kufunsa kuti munthuyo anadya chiyani. Ndimo mmene ndifuna muzichitila."

Anauza anesi kuti amuyeze wodwalayo n'kumusinthila ku mankhwala ena amene satsitsa shuga mwadzidzidzi, ndiponso kuti aziyenda ndi kanthu kotsekemela m'thumba. Ine ndinali nditayamba kale kubwelela ku benchi, nkhope ikuwala. Adokotala anandiitananso.

"Wakhala nthawi yaitali osamwa mankhwala. Mapazi ake munawaona?"

Ndinayang'ana pansi.

"Amai, mwandimva? Kapena netiweki yadula?"

"Ndamva, adokotala. Sindingathe. Ndi apongozi anga aamuna."

Mawuwo anangotuluka. M'timabokosi tonse ta ku Lundazi anthu anagwila pakamwa, ena akuseka, chifukwa onse anadziwa tanthauzo lake. Adokotala anandikumbutsa mofatsa kuti pano sitiulula kuti wodwala ndani, ndipo anapempha onse kuti zimene amva zithele pomwepo. Ndinachita manyazi. Kenako anati iwo mwambo wa kuno saudziwa bwino, ndipo anafunsa ngati alipo angathandize.

Anayankha ndi bambo wina wachikulile wa ku Mwase Lundazi, wothandiza za umoyo ngati ine. Anati, "Mwambo uli ndi chitseko chake, mama. Apongozi akafuna, amatha kum'masula mkamwana pamaso pa banja, n'kum'patsa kanthu kosonyeza kuti kuyambila lelo angathe kuyandikila. Koma chitsekocho amatsegula ndi iwo, osati inu. Inu pitani kwa amama, mukagogode."

Ndinayamba ndayesa njila yachidule. Ndinaphunzitsa mwamuna wanga zoyenela kuona: pakati pa zala, pansi pa phazi, ku chidendene. Iye anapita, anakakhala ndi bambo ake, n'kubwela akuti zonse zili bwino. Nditamufunsitsa anavomela kuti adada sanavule n'komwe jombo. Anangomuuza kuti mapazi awo ayenda zaka zambili popanda woyang'anila.

Mvula inali itayamba, anthu akuwokela fodya. Masana ena amama anabwela kukhitchini kwanga atabisa chinthu m'chitenge. Inali jombo ya adada ya kumanja. Anati ndilowetsemo dzanja. Pansi pake panali msomali wa waya umene unaboola kuchokela kunja, nsonga yake itatulukila m'kati. Nditatulutsa dzanja, zala zanga zinali ndi magazi osakanizika ndi mafinya.

"Akhala akuvala masiku angati?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Iwo akuti sakumva kanthu."

Sindinadikilenso. Ndinauza amama zonse zimene ndinaphunzila, kuti shuga amapha misempha ya kumapazi, munthu osamva kupweteka, ndipo chilonda chaching'ono chingathe kudya mwendo wonse. Ndinawapempha kuti akandipemphele kwa adada. Anapita, ndipo ine ndinatsatila n'kukagwada patali, pafupi ndi nkhokwe. Adada anali pa khonde akusoka goli la ng'ombe. Amama analankhula nthawi yaitali. Adada anangopitiliza kusoka. Kenako anakweza mawu, osayang'ana kwa ine.

"Mufunseni mkamwana. Mankhwala ake aja anandichititsa manyazi pa msika. Lelo akufuna chiyani?"

Sindinadikile kuti amama abweze funsolo. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwile ndinawayankha ndekha. Ndinati, "Adada, simunaledzele. Shuga ndi amene anatsika chifukwa munamwa pilitsi n'kupalasa njinga osadya. Ife a zaumoyo sitinakuuzeni bwino za chimenecho, ndipo cholakwa ndi chathu. Adokotala a ku Lusaka amva nkhani yonse ndipo asintha mankhwala."

"Kuti sindinaledzele ndikudziwa ndine," anatelo. "Amene sakudziwa ndi anthu."

"Mukandilola, ndidzaimilila mu tchalitchi n'kufotokoza. Koma lelo ndikupempha phazi lanu."

Anaika goli pansi. Kenako anaitana mwamuna wanga ndi mlongo wa adadawo amene amakhala nyumba yoyandikana, ndipo anauza amama kuti agwile thadzi lina lofiila. Onse atakhala pansi, adada anati, "Mwana uyu wakhala pa mudzi pano zaka zambili, sanandilakwilepo. Lelo ndikum'patsa nkhuku iyi. Akanyamula chikwama chake cha kiliniki, ayandikile, alankhule, agwile pamene nchito yake ikufuna. Wina asadzanene kuti alibe mwambo. Ndam'masula ndine."

Ndinalandila nkhukuyo ndi manja awili n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo, adada. Mlongo wawo analulutila pang'ono. Ndinapeleka nkhuku kwa mwamuna wanga, n'kukatenga beseni, madzi owilitsa ndi magolovesi.

Ndinanyamula phazi lawo n'kuliika pa chitenge changa. Pansi pa chala chachikulu panali chilonda chozama, m'mbali mwake moyela, chikununkha. Chala chonse chinali chitatupa. Ndinawauza kuti atseke maso, n'kuyamba kukhudza malo osiyanasiyana monga anatiphunzitsila.

"Apa mukumva, adada?"

"Nkhupulika yayi." Ndiko kuti sakumva.

"Nanga apa?"

"Wayamba kale kodi?"

Mwamuna wanga anatembenukila kumbali. Ine ndinatsuka chilondacho, n'kuchijambula ndi foni yanga. Pa mudzi pathu netiweki imagwila pa chulu cha kuseli kwa munda wa chimanga, ndiye ndinathamangila kumeneko n'kutumiza chithunzi kwa anesi. Iwo anachitumiza ku Lusaka. Ndinakhala pa chulupo kamvula kakuwaza mpaka yankho linabwela. Adokotala anati ayambe mankhwala opha tizilombo tsiku lomwelo, asaponde pansi ndi phazi limenelo, ndipo ndilembe mzele ndi bolopeni kuzungulila pamene pafiila. Kufiilako kukadutsa mzele, kapena thupi likatentha, apite ku chipatala cha ku boma mosachedwa. Anesi anabwela okha pa njinga yamoto madzulo amenewo ndi mankhwala onse, a chilonda ndi a shuga atsopano.

Kukhazika mlimi pa khonde nthawi yowokela fodya si nchito yaing'ono. M'mawa uliwonse ndinali kupita kukatsuka chilonda ndi kuyeza shuga, ndipo m'mawa uliwonse adada anali ndi chifukwa chatsopano chofunila kukaona munda. Ndinauza amama kuti abise jombo zonse ziwili. Tsiku lachitatu nditamasula bandeji ndinaona kuti kufiila kwadutsa mzele wanga, kwafika pamwamba pa phazi. Ndinagwila pa chipumi chawo, panali potentha.

Ndinathamangila ku chulu, koma tsiku limenelo netiweki kunalibe. Ndinakweza foni m'mwamba, ndinatembenuka uku ndi uku, osatheka. Ndinaima pamenepo ndikuganiza. Mtsinje unali utadzaza, ulendo wa ku boma unali wovuta, ndipo ndikawanyamula adada popanda chifukwa chokwanila, sadzandimvelanso. Koma mawu a adokotala anali omveka, ndipo mzele ndinaulemba ndi dzanja langa. Ndinatsika pa chulu n'kuuza mwamuna wanga kuti amange ng'ombe pa ngolo.

Adada anakana. Anati tidikile mawa tione. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kuwaonetsa mzelewo.

"Adada, dzulo kufiila kunali apa. Lelo kuli apa. Mawa kudzakhala pa bondo. Munandimasula kuti ndizinena zimene nchito yanga ikufuna. Lelo ikufuna kuti mukwele ngolo."

Anayang'ana phazi lawo, anayang'ana ine, n'kuuza amama kuti awatengele jekete.

Tinazungulila njila ya kumtunda kumene kuli mlatho, ine ndi amama titakhala m'ngolo, phazi la adada lili pa thumba la madeya. Pa msewu waukulu tinakwela minibasi. Ku chipatala anawagoneka nthawi yomweyo. Dokotala wa kumeneko ataona mzele wa bolopeni anafunsa kuti walemba ndani. Nditanena kuti ndine, anagwedeza mutu n'kunena kuti tikanachedwa masiku awili, tikanakambilana za mwendo osati chala. Chala chachikulucho sichinapulumuke, anachidula. Phazi linatsala. Adada anakhala m'chipatala masabata awili.

Za chalacho ndinadziimba mlandu kwa nthawi yaitali. Ndinali kuganiza za masiku amene ndinataya potuma mwamuna wanga, ndi masabata amene ndinadziwa kuti mapilitsi atayidwa koma ndinali kuopa kulankhula. Ndinanena zimenezi pa msonkhano wa Lachitatu. Adokotala sananditonthoze ndi mawu okoma. Anati n'zoona, kuchedwa kunalipo, ndipo tonse tiphunzilepo. Kenako anati munthuyo akuyenda ndi miyendo yake iwili chifukwa wina anapanga chosankha pa chulu popanda dokotala womuuza.

Adada atachila anabwelela ku tchalitchi. Ndinali nditakonzeka kuimilila monga ndinalonjezela, koma nthawi ya zolengeza itafika anaimilila okha, atatsamila ndodo. Anafotokoza zonse, kuyambila ludzu mpaka msomali. Anatulutsa maswiti awili m'thumba la jekete n'kuwakweza m'mwamba.

"Mukadzandionanso ndikudzandila, musathamangile kwa abusa," anatelo. "Pisani m'thumba umu, mundidyetse. Ndipo amene munati ndinaledzela, Lachisanu mubwele kwa mkamwana wanga akubayeni chala. Mwina mwa inu muli anzanga."

Tchalitchi chonse chinaseka, ndipo ena anaseka akuyang'ana pansi. Lachisanu limenelo pa khomo panga panali mzele mpaka ku nkhokwe. Timapepala toyezela tinatha dzuwa lisanapendeke. Mwa amene ndinawapeza ndi shuga wokwela munali mkulu wina wa mpingo amene anali patsogolo kufalitsa nkhani ya kachasu. Adada ndi amene anamupelekeza ku kiliniki.

Chaka chotsatila adokotala anatumiza uthenga kwa anesi kuti phunzilo la kuyang'ana mapazi ndiphunzitse ine. Ndinakana kawili, kachitatu ndinavomela. Ndinapita ndi jombo ija, msomali uli momwemo. Anesi anagwilizila foni, mnzanga wina anavula nsapato kuti akhale wodwala wanga, ndipo ndinaonetsa mmene timayang'anila pakati pa zala, mmene timakhudzila, mmene timapisila dzanja mu nsapato tisanam'bwezele mwini wake. Ndinalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo palibe amene anadandaula. Timabokosi tinali tambili kuposa kale, ena a ku maboma amene sindinafikeko.

Pa mafunso, bambo wina wa ku kiliniki yakutali anati ali ndi wodwala amene ndi mayi wa mkazi wake, ndipo sakudziwa poyambila. Adokotala anati funso limenelo si lawo, ndi la amai a ku Magodi. Ndinamuuza kuti asapite yekha ndiponso asatume munthu wosadziwa nchito. Apeze wa m'banjamo amene mayiyo amamumvela, amuuze zoona zonse mosabisa, ndipo apemphe kuti amasulidwe. Ndinamuuzanso kuti asadikile masabata ngati mmene ndinachitila ine.

Panopa ndili ndi anthu a shuga m'midzi isanu amene ndimawayendela pa njinga. Ena amamvela, ena ndimalimbana nawo mwezi ndi mwezi. Mayi mmodzi tinamutaya chaka chatha, impso zinali zitawonongeka kale pamene tinamupeza. Adada akali moyo ndipo akulimabe, ngakhale fodya anachepetsa. Amavala nsapato zofewa zimene mwana wanga wamkazi anawagulila ku Chipata, ndipo asanavale amazigwedeza kaye. Vuto limene ndili nalo ndi iwo tsopano ndi nzimbe. Anabzala mizele itatu ku dimba, akuti ndi ya adzukulu. Sabata yatha makina anaonetsa nambala yokwela, ndipo nditafunsa anati mwina makina akalamba. Ndinayeza chala changa iwo akuona, nambala inali bwino. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomela kuti anadya mfundo zinayi zokha. Tinagwilizana kuti ikhale imodzi, atadya kale ndiwo zamasamba, ndipo amama ndi amene azidula.